Mayi Marcelina ndi Kalata ya ku Cuba

Mayi Marcelina Silvestre, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Ntengo-Wambalame mu 1949. Anabatizidwa ali kamtsikana, ndipo kuyambira pomwepo tsache la m'tchalitchi silinachoke m'manja mwawo. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Dinis.

Mu 1981 Dinis anasankhidwa kukaphunzira ku Cuba, ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kenaka nkhondo inafika. Amuna awo anaphedwa m'munda wa mbatatesi, iwo n'kuthawira ku Malawi, kumene anaphunzira Chingelezi akukolopa pachipatala cha othawa nkhondo. Anabwerera mu 1993, koma za Dinis kunali zii.

Patapita zaka khumi ndi zisanu, kuparishi kunafika kalata ya m'Chisipanishi. Sisitere Cristina, amene anachokera kumaiko olankhula chinenerochi, anawawerengera. Kalatayo inati Dinis anamwalira. Wolemba anali mwana wake, Mónica, ndipo anafunsa chinthu chimodzi: bambo anga anali otani ali mwana?

Sisitere anadzipereka kulemba yankho. Amayiwo anakana.

"Obrigada, zikomo asisitere, koma mwana wanga ndimufotokoza ndekha. Inu simunamubereke kumsana."

Ambirife tinati ndi makani, ndipo ine ndinali mmodzi mwa onenawo. Sisitere anawasiyira kabuku kong'ambika ka Chingelezi ndi Chisipanishi. Akaweruka kumunda, ankafufuzamo mawu onena mmene munthu alili: wamfupi, wamanyazi, wosusuka, wachifundo. Liwu lililonse ankayamba alipeza m'Chingelezi, kenaka n'kulikopera m'kope ndi mnzake wa Chisipanishi pambali. Lamulungu Misa ikatha ankaphunzitsako achinyamata a kwaya, ngakhale ambiri ankabwerera kudzaseka katchulidwe kawo.

"Mawu oti wabwino ndinawapeza msanga," ankatero. "Koma Dinis sanali wabwino chabe. Ndikam'namiza mdzukulu wanga, ndikayankha chiyani kwa Ambuye?"

Kalatayo inawatengera zaka zinayi, maso akuchita chidima. Anaitumiza, nadikira. Anatumiza ina, kenaka inanso. Chapa iliyonse, minibasi yochokera ku Tsangano, ankaichingamira pamsewu. Yankho silinabwere. Sindinawamvepo akudandaula, koma nyimbo anasiya kutsogolera.

Anamwalira mwamtendere Lachitatu m'mawa, atalandira masakramenti, korona ili m'manja. Anatisiyira chitsanzo cha munthu wonena zoona ngakhale palibe womumvera. Koma ndinene mosabisa, abale: mtima wanga sukutonthola.

Patatha milungu iwiri, kalata yawo yomaliza inabwezedwa yosatsegula, itadindidwa kuti mwini wake sakudziwika. Tinaitsegula pamanda. Mwa onse amene anawaphunzitsa, Jenifa yekha ndiye anatha kuwerenga mzere woyamba, ndipo anatimasulira akulira: "Bambo wako anali wamakani ngati ine, ndipo tsiku lopita ku Cuba anali wamantha, koma ine ndinamuuza kuti akwere galimoto."