Jekete ya Kumapiri a Ayezi

Aneba athu, madala oyendetsa galimoto ya bwana wina ku West Bay, savula jekete. Ndi kutentha konseku kwa mu Doha muno, ku Qatar! Chibwerereni kumapiri akutali kumene anaperekeza bwanayo, nkhani yawo ndi imodzi: mtsinje wa ayezi wouma gwaa, nyanja yobiriwira pamwamba pa phiri, kuyenda pansi tsiku lonse osakumana ndi munthu. Ukadandaula za kutentha amangoti, "Inu simunazizidwepo, wallah, ndikulumbira."

Tsiku lina eyakoni yoziziritsa m'nyumba yomwe timagona itafa, tonse thukuta lili kamukamu, Rashid, mlonda mnzanga, anawachonderera: "Madala, vulani, mukomoka!"

"Mwanawe, foni yanga inagwera m'nyanja ija ndi zithunzi zonse," anatero akukokera zipi m'khosi. "Ndikavula iyi, wondichitira umboni atsala ndani?"