Tebulo la Anatsitsani

Dzina loti Anatsitsani anawapatsa ndi amuna awo, sabata yoyamba atangofika kudziko la eni. Tsikulo analowa m'sitolo yaikulu, natenga botolo la mafuta ophikira, n'kukaima kwa mtsikana wolipiritsa. Atauzidwa mtengo anapendeketsa mutu, namwetulira monga ankachitira kumsika wa kwawo.

"Tsitsaniko pang'ono, mwana wanga."

Mtsikanayo sanatolepo kanthu. Anangoyang'ana makina ake, kenako mzere wa anthu kumbuyo. Amuna awo analipira msangamsanga thukuta lili kamukamu, koma atatuluka panja anaseka mpaka kugwirira khoma.

"Kuno sanenerera, amake mwana. Mtengo wa kuno ndi mwala."

"Mwalanso umasweka," anayankha Anatsitsani.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Anatsitsani amagwira ntchito pamalo ochapira nsalu za m'mahotela. Amaima kumapeto kwa makina aatali ositira, kulandira nsalu za pabedi zikutuluka zotentha, zoyera mbee, n'kumapinda ndi mnzawo ngodya kungodya. M'chipindamo mumakhala nthunzi ngati nkhungu ya m'mamawa, ndipo phokoso la makina salimvanso. Manja amagwira okha ntchito, mtima uli kwina.

M'zaka zimenezi anaphunzira kuti mitengo ya kuno imatsika ndithu, kungoti simva pakamwa, imamva kudikira. Buledi amamumata kapepala kachikasu dzuwa likapendeka. Majasi amagwa mtengo kukayamba kufunda, masandasi kukayamba kuzizira. Choncho kunyumba kwawo, zipinda ziwiri pansanjika yachinayi, chilichonse chinafika pa nthawi yakeyake. Makapu asanu, palibe awiri ofanana. Katani ya kumanzere imakhudza pansi, ya kumanja imathera m'maondo. Ketulo ndi yophwanyika patsaya, koma imaimba bwino. Chimene chinkasowa ndi tebulo. Ankadya mbale zili pamiyendo, ndipo mwana wawo wamkazi ankalembera za kusukulu pathabwa lositira.

Tebulolo analiona tsiku lina Lachinayi, akuchokera kokwerera basi, m'kasitolo ka katundu wakale. Linali lalitali, la thabwa lakuda, loti anthu asanu ndi atatu n'kukhalapo osagundana zigongono. Pakati pake panali chizindikiro chozungulira, pomwe wina anatulapo poto wamoto kalekale. Anatsitsani anayendetsa dzanja pamwamba pake. Linali losalala ngati mwala wa pamtsinje. Atawerenga kapepala ka mtengo anachotsa dzanja msanga, ngati lawaotcha.

Koma Lachinayi lotsatira anabweranso. Mwini sitoloyo, mkulu woonda amene Anatsitsani ankangomutchula kuti a Magalasi, sankavutitsa anthu. Ankakhala pakona akukonza mawotchi akufa. Anatsitsani anakoka mpando, nakhala kumutu kwa tebulo, chikwama chili pamiyendo. Dzuwa linkalowa pawindo lafumbi, tinyenyeswa tikuyandama m'kuwala kwake. Pamenepo anayamba kuikapo anthu. Akulu awo amene ali kudziko lina anawakhazika kumanja, akudandaula za mchere monga kale. Mlongo wawo anamukhazika kutali ndi nyama, chifukwa amamudziwa. Malemu amayi awo anawaika pafupi ndi windo, poti ankakonda kuona odutsa. Onse ankalankhula nthawi imodzi, wina akuitanitsa madzi osamba m'manja, mpaka wotchi ina ya a Magalasi inalira ndipo m'sitolomo munatsala fumbi lokha.

Anachita zimenezi miyezi isanu. Mwezi uliwonse a Magalasi ankadula mtengo wakale ndi cholembera, n'kulemba wina wotsikirapo m'munsi mwake. Kunyumba, amuna awo, amene amayendetsa galimoto yoperekera katundu, anayamba kuwaseka.

"Kodi apongozi anga a miyendo inayi aja adzuka bwanji lero?"

"Ali bwino, akupatsani moni. Akuti mukonze msana."

Tsiku lina a Magalasi anasiya wotchi, nabwera kudzaima pambali pawo. Analankhula pang'onopang'ono kuti amvane, poti chilankhulo cha kuno Anatsitsani amangochimva mwapatalipatali.

"Mayi, anthu a masiku ano amafuna timatebulo ta anthu awiri. Ili landitsekera malo chaka chathunthu. Mundipatse mtengo wa mpando umene mwakhalirawo, mulitenge."

Anatsitsani anafuna kuvina, koma anangoti, "Zikomo, bambo."

Loweruka amuna awo anabwereka galimoto ya kuntchito, nabwera ndi mnzawo wina wamphamvu zake. Tebulo linalowa bwinobwino pakhomo lalikulu la nyumba yosanja ija. Linakwera masitepe asanu ndi awiri. Pokhota, linakana. Analiimika chilili, linakana. Analigoneka cham'mbali, mwendo unakanda khoma. Anafuna kuchotsa miyendo, napeza kuti mmisiri amene analipanga sanagwiritse ntchito msomali ngakhale umodzi, zonse anazilumikiza kuti zisadzalekanenso.

"Amake mwana," anatero amuna awo akupuma wefuwefu, "pali njira ziwiri. Sowo, kapena tibweze."

"Sowo muyambire ine."

Analitsitsanso pansi, m'kanjira kolowera. Anatsitsani anakhala pasitepe yoyamba, dzanja lili patsaya. Kunja kunayamba kuwaza.

Apo chitseko cha nyumba ya pansi chinatseguka. Munkakhala mayi wina wachikulire, mbadwa ya konko, amene banjali linkamutchula kuti Achitseko, chifukwa zaka zonsezi ankangoona diso lake limodzi pampata wa chitseko. Moni sanapatsanepo. Tsikuli anatuluka yense, kamunthu kakafupi kovala juzi yobiriwira. Anazungulira tebulo lija, nagogoda ndi chala, n'kuwerama kuona kunsi kwake. Kenako analankhula mofulumira, mwana wa Anatsitsani n'kumamasulira.

"Akuti musalidule, ndi tchimo. Akuti amuna awo anali kalipentala. Akuti kuchipinda kwawo kochezera kuli malo, kungokhala mpando umodzi ndi wailesi."

"Ndiye akufuna kuligula?" anafunsa Anatsitsani.

Mwana anafunsa, namvetsera, naseka. "Akuti ayi. Ndi lanu. Iwo angolisunga. Koma tebulo losadyerapo limauma, ndiye muzibwera."

Linalowa mosavuta, ngati linkadziwa njira. M'chipindamo munkanunkhira sopo ndi mabuku akale. Analiika pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu, pomwe pamangooneka miyendo ya anthu odutsa ndi matayala a njinga.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana Anatsitsani amatsika masitepe atanyamula mapoto okutidwa ndi thaulo, amuna awo pambuyo ndi mipando iwiri, mwana ndi mbale. Tsiku loyamba onse anadya mwaulemu ngati ali kwa dokotala. Achitseko analawa tsabola, natsokomola mpaka misozi, kenako anatambasula mbale kuti awonjezere. Pano amakangana ngati pachibale. Achitseko amafuna tebulo lizikhala losayala kanthu kuti thabwa lizipuma, Anatsitsani amati tebulo lamaliseche ndi chipongwe kwa alendo. Anagwirizana kuti nsalu iziyalidwa theka.

Abale amene Anatsitsani ankawakhazika m'maganizo sanabwerebe. Makalata a ulendo ndi ovuta, aliyense ali ndi zake. Koma mnzawo wopinda naye nsalu amabwera ndi ana ake awiri, ndipo mnzawo wa abambo amene ananyamula nawo uja anadziitana yekha, akuti msana wake uli ndi gawo patebulopo. Akatha kudya, Achitseko amatulutsa kabotolo ka mafuta a thabwa, n'kuphunzitsa mwana wa Anatsitsani kupukuta motsata mizere, osati mopingasa. Wailesi imaimba chapansipansi nyimbo zimene palibe mlendo amene amazidziwa. Abambo amaodzera pampando, pakamwa pali yasa. Anatsitsani amangokhala, manja ali pathabwa lofunda, kumvera zilankhulo ziwiri zikusakanikirana ngati madzi a mitsinje iwiri.

Lamlungu lathali, akukwera masitepe ndi mapoto opanda kanthu, amuna awo anaima pansanjika yachiwiri kuti apume.

"Anthu ena tebulo limakhala m'nyumba mwawo," anatero akusisita bondo. "Ife lathu timachita kukalichezera."

"Kwezani miyendo, abambo. Mawa ndi Lolemba."

Pansi, Achitseko anali ataimabe pakhomo pawo, akukuwa kuti aiwala chivundikiro cha poto.