Amene Anakumba Manda a Mkulu Wanga

Tinanyamuka ku Chawama, mu Lusaka, m'mamawa pa galimoto ya kanta yahayala, bokosi la mkulu wanga Yohane lili pakati, ife titakhala m'mbali. Iye ananeneratu ali m'chipatala kuti tikamuike kwathu ku Chadiza, kufupi ndi malire a Malawi. Ine ndinalinso ndi nkhani ina mumtima. Ndinali nditamva kuti anyamata a mudzi wa tsidya la mtsinje, ku Malawi, akulima munda wa malemu bambo athu, ndipo ndinalumbira kuti maliro akangotha ndiwathamangitsa.

Pa Chongwe dalaivala wathu, Ba Mumba, anaima kuti adye. Ndinawakalipira. Iwo anangoti, "Ba Phiri, ba malemu sibathamanga, ni imwe chabe." Pa mlatho wa Luangwa dzuwa linali loswa mtengo. Akazi anga anagula nsomba zouma za K50, ine maso ali pabokosi, chifukwa mwezi wa Okutobala mtembo sudikira munthu. Ku Nyimba tinadya nthochi galimoto ili chiyendere, pa Katete tinakhota, ndipo tinafika dzuwa litapendeka.

Manda anali asanakumbidwe. Kwathu achibale sakumba, amakumba ndi adzukulu, anthu a banja lina. Adzukulu amene ndinapeza anali madala awiri, wina wodwala msana, ndipo tsiku lonse anali atangopalasa pamwamba. Ndinapsa mtima n'kuyamba kuwakalipira. Azakhali anga a Nabanda anandisiya ndimalize, kenako anati, "Ukukalipira yani? Anyamata amene ukufunawo si uli nawo ku Lusaka?"

Pamene ndinkamaliza sukulu mudzi uwu unali ndi timu ya mpira, ndipo a tsidya tinkawachinya chaka ndi chaka. Lero nyumba zambiri n'zotseka, zina mukugona mbuzi. Eni ake ndimakumana nawo pamsika ku Kanyama ndi ku Mandevu. Inenso ndine mmodzi wa iwo.

Azakhali anatumiza uthenga kutsidya. Kutacha kunabwera amuna ndi mapiki ndi makasu, ochuluka moti ankalandirana. Wowatsogolera anali Layisoni, yemweyo amene akulima munda wa bambo. Dzuwa lisanafike pamutu Yohane tinamugoneka bwinobwino.

Madzulo ndinamuperekeza Layisoni mpaka kwawo. Mudzi umene ndinkaudziwa wa nyumba zowerengeka watha kudya bwalo lake la mpira. Nyumba zagundana ngati ku Chawama, ana ali ponseponse. Anandionetsa gawo limene anapatsidwa atagawana munda wa agogo awo: mizere imene mungaipalire musanamwe tiyi. Anati ku Lilongwe anapitako, ntchito sanaipeze, nabwerera, monga amachitira ambiri. Kenako anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuti achoke m'munda muja, poti anamva kuti ndakwiya.

Ndinamuuza kuti alime. Ndinangopempha chimodzi, kuti tsiku limene langa bokosi lidzatsike pa kanta, adzabwerenso ndi mapiki aja.

"Musachedwe achimwene," anatero akuseka, "nafenso msana wayamba."

Pobwerera ku Lusaka ndinakhala kutsogolo ndi Ba Mumba. Pa Chongwe ndinawauza ndekha kuti aime, ndipo nkhuku ndinawagulira ndine. Ndinapita kukathamangitsa anthu m'munda umene sindinaugwirepo khasu chichokereni. Anthuwo akanachoka m'mundamo chaka chatha, mkulu wanga akanamukumbira ndani?