Mayi Kuwabara ndi Nsapato za Mwana wa Eni

Kubafa ya anthu onse ya kuseri kwa msika wa nsomba kunamveka kuti mayi Kuwabara, aja ogwira ntchito pageti ya sukulu ya pulayimale, amaba nsapato za ana. Akuti madzulo amaziponya m'chikwama, kukafika kwawo n'kuziyala pakaguwa ka mizimu, pansi pa chithunzi cha mwana wawo amene anamwalira, n'kumazifukizira lubani. Nkhaniyi inadumpha khoma kuchokera mbali ya akazi kugwera mbali yathu, ndipo ife madala tinaiwakha tili m'madzi otentha olekeza m'khosi. Ine ndinati zakubazo kaya, koma za lubanizo zikumveka ndithu, chifukwa munthu wosaseka nthabwala zanga amakhala ndi kanthu kena m'mutu.

Dzina lawo loyamba ndi Tomie. Anafika m'tauni muno kalekale ndi sutikesi imodzi, osanena komwe achokera, ife n'kuchita kutopa nako kufunsa. Anagwira kufakitale yoika nsomba m'zitini mpaka zala zinapindika ngati mbedza. Fakitale itatsekedwa anapeza ya kusukulu: kutsegula geti, kuthirira maluwa, kusesa pakhomo pamene ana amavulira nsapato zapanja n'kuvala zamkati. Kachipinda kawo kanali pansi pa masitepe, kopanda loko, momwe ana ankatengamo matsache ndi ndowa. Munali ketulo, mpando umodzi, ndi chithunzi cha kamtsikana kogweluka mano. Chithunzi chimenechi ndicho chinabala maliro aja m'kamwa mwa anthu.

Tsiku lina m'mwezi wa mvula, belu litalira, anapeza mwana ataima pashelefu ya nsapato ndi masokosi okha. Anali Mizuho Nagase wa giredi yachinayi, mwana wa mayi ogulitsa m'sitolo ya mankhwala.

"Iwe, belu sunalimve? Kapena ukudikira akunyamule ngati mkwatibwi?"

Mwana anangoluma chikhadabo. A Tomie anasolola nsapato zake zamkati m'kabokosi kake. Mu imodzi munali timisomali tokhomera mapepala, mu inzakeyo mkaka wowawasa wotsala pa nkhomaliro ya dzulo.

"Ndani wachita izi?"

"Musanene, azakhali. Chonde musanene."

"Ndisanene bwanji? Uzivala misomali?"

"Chaka chatha amayi ananena. Aphunzitsi anati tonse titseke maso, wolakwa akweze dzanja. Palibe anakweza. Titatsegula maso, kalasi yonse imayang'ana ine."

A Tomie mwambo wotseka masowu ankaudziwa kuyambira ali mwana iwonso, ndipo sanamvepo kuti unagwira munthu. Anatsuka nsapatozo pampopi, kumubwereka mwanayo masilipasi a alendo, n'kulonjeza kuti sauza munthu. Apa ndiye pamene anadzimangirira okha.

Kuyambira tsikulo, ana akaweruka, ankatenga nsapato za Mizuho kupita nazo kwawo, m'mawa n'kuzibwezera wina aliyense asanafike. M'kachipinda kaja sakanazisiya, poti aliyense ankalowamo. Mwanayo anayamba kulawirira. Ankakhala pandowa yovundikira, kumwa tiyi wa balere, osayankhula zambiri. A Tomie nawonso si munthu wa nkhani, ndiye awiriwa ankangokhala ngati amphaka awiri pakhonde. Nthawi zina ankamugawira mpunga woumba.

"Wadya kwanu?"

"Sizimalowa m'mawa."

"Kwanga zikulowa bwanji? Nanga kukhosi kwako kuli ndi geti?"

Mwana ankamwetulira pang'ono, kuvala nsapato zouma, n'kukwera masitepe yekha. Zikhadabo zinayambanso kumera.

Musaganize kuti sukulu inalibe chisamaliro, ayi. Inali ndi mlangizi wa ana, mnyamata waulemu wa magalasi, wobwera Lachinayi lokha chifukwa ankazungulira masukulu ambiri. Chitseko chake chinali kumapeto kwa khonde, moti mwana wofuna kukagogoda ankadutsa kaye pamawindo a makalasi onse ngati nsomba yokaonetsedwa kumsika. Pakhoma anamatapo pepala lalikulu la dzuwa lomwetulira lonena kuti mwana aliyense anene zakukhosi. Dzuwa limenelo linamwetulira chaka chonse, silinamvepo kanthu.

Amene anaona nsapato zikulowa m'chikwama ndi mayi Hoshino a m'komiti ya makolo, munthu wa maso akuthwa pa ana a ena. Nkhani inayamba yakasamba kubafa, kenako inafika kwa a Shibata, achiwiri kwa ahedi, amene anaitanitsa a Tomie.

"Pepani kukuvutitsani, mayi Kuwabara. Tatsegulani chikwamacho."

Nsapato zija pa tebulo, dzina la Nagase lili kuchidendene.

"Ndimakazichapa, aphunzitsi."

"Tsiku lililonse? Mwanayu amadzala nazo mpunga?"



"Ngati pali vuto nenani," anatero a Shibata. "Sukulu ino ilibe ana ozunzana, zimenezo tinafufuza kale. Komabe nenani."

A Tomie anatsala pang'ono kuulula. Koma anaganiza za kalasi yotseka maso, ndi kamwana kali pakati. Anawerama kwambiri n'kupepesa chifukwa chodetsa nkhawa makolo. Kwathu kuno ukawerama chotero ndiye kuti wavomera, palibe amafunsanso kuti wavomera chiyani. A Shibata anamufunsa Mizuho pamaso pa aphunzitsi ake ngati nsapato zake zinasowapo. Anapukusa mutu. Iwo anati ndi mwana wamanyazi, n'kumubweza m'kalasi, momwe anzake anali atayamba kale kuimba za mfiti ya nsapato.

A Tomie sanawachotse ntchito nthawi yomweyo, tili ndi ulemu ife. Anawaletsa kukhudza shelefu, kudikira mwezi wa Malichi pamene chaka cha sukulu chimatha, n'kuwapatsa maluwa ndi mawu othokoza. Tsiku lomalizalo Mizuho anawapeza pageti.

"Azakhali, ndiye nsapato zanga azisunga ndani?"

"Ukawauze amayi ako."

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza ndine. Iwe sunalonjeze kanthu, mwanawe. Ukanene."

Mwana anangoyang'ana maluwa aja, n'kutembenuka.

A Tomie anapita kwawo ali ndi funso limene silinawasiye. Akananena tsiku loyamba lija, mwina zikanaipa. Posanena, zinaipabe, kungoti mochedwerapo. Anasunga nsapato, anasunga lonjezo, koma mwana sanamusunge.

Chaka chatsopano cha sukulu chitayamba, nsapato za Mizuho zinapezeka m'dziwe la nsomba zofiira la kuseri kwa ofesi. Sabata yotsatira zinapezeka m'chimbudzi. Kenako kabokosi kake kanangokhala ndi nsapato zouma bwinobwino, chifukwa mwiniwake anasiya kubwera. Anadzitsekera m'chipinda kwawo, makatani otseka, chakudya n'kumachisiyira pakhomo. Mlangizi uja anapitako Lachinayi lina, anayankhula ndi chitseko mwaulemu, nabwerera.

Kunja kutatentha ndi pamene mwanayo anawauza amayi ake zonse, kudzera pa chitseko chomwecho. Mayi Nagase sanapite kuofesi. Anadikira msonkhano wa makolo, anaimirira osaitanidwa, n'kufotokoza kuyambira pa mkaka wowawasa mpaka pa tiyi wa balere. Anatchulanso mayina a ana amene ankachita zimenezi. Limodzi linali la mwana wa mayi Hoshino. A Shibata anawerama, ahedi anawerama, holo yonse inawerama, mukanati ndi munda wa mpunga wakucha. Mizuho mpaka lero sanabwerere kusukulu.

Amayi atatu a m'komiti anagula bokosi la makeke a nyemba, ulendo kukapepesa kwa a Tomie. Anapeza akusamuka. Pakhomo panali kalole, ndipo chimayi china chamapewa otambalala chinkanyamula firiji ngati pilo.

"Mukufuna amayi? Amayi! Kwabwera alendo a makeke!"

A Tomie anatuluka, analandira bokosi ndi manja awiri, anathokoza, nafunsa chinthu chimodzi chokha: ngati mwana uja akudya. Palibe mwa atatuwo ankadziwa.

Chimayi cha firijicho ndiye kamtsikana kogweluka mano ka pachithunzi kaja. Banja la a Tomie litatha, akuchimuna anakana nako, a Tomie n'kuchoka okha ndi sutikesi ija. Mwanayo sanamwalire ayi, amayendetsa basi kumzinda wa Sendai, ndipo anabwera kudzatenga mayi ake. M'nyumbamo munalibe kaguwa, munalibe lubani. Mayi Kuwabara sanabepo nsapato ya mwana aliyense.