Dzira Lachitatu M'chisa cha Mpheta

Lero dzira la nkhanga lakana kusweka m'manja mwanga. Ndakumbukira nthawi ya nkhondo, tikubisala m'bango ku Tsangano.

Njala inali itatigwira. Akulu anga anapeza chisa cha mpheta, muli mazira atatu. Awiri anamwa. Lachitatu, limene mbalame ina inangoikiramo, linakana chikhadabo.

"Ndiliswa ndi mwala," anatero.

"Lisiyeni, akulu. Tengani kachewere wangayu."

Anatenga, n'kuseka. "Wapusa iwe. Kamwana sikangaboole chigoba chimenechi. Kafera momwemo."

Ndinalibwezera m'chisa, mpheta inapitiriza kufungatira. Tsiku lachinayi ndinasuzumira. Kamlomo kanali kugogoda, kupuma, kugogodanso, khosi litalimba gwa. Chigoba chinang'aluka, kamutu konyowa kanatuluka.

Ndinaiwala kuti tikubisala.

"Akulu! Bwerani muone wakufa uja!"