Mwana Amene Sindinkaloledwa Kumubereka

Mwana wanga wachiwiri ndinamubereka ine, koma kwa miyezi isanu ndi iwiri sindinamubereke kumsana. Analetsa ndi apongozi anga, ndipo sindiwada. Ndinkagwa. Tsiku loyamba ndinangoti ndimange chitenje pachifuwa, makutu anayamba kulira, manja kuzizira, n'kudzidzimuka ndili pansi, mwana atamuwakha aneba, wina akulimbana ndi kundilowetsa supuni m'kamwa. Kenako ndinkagwa paliponse, pampopi ngakhale kutchalitchi.

Apongozi ankati ndi mizimu ya vimbuza, ndikavine kwawo. Kuchipatala anandimata timawaya m'mutu, n'kunena kuti si khunyu. Amuna anga anamva zawozawo, kuti ndikuchita dala. Dala! Munthu n'kudzigwetsa pamiyala mpaka kung'ambika mlomo? Ndinawalalatira, dera lathu lonse la Chibavi ku Mzuzu kumva. M'mawa mwake apongozi anati zikapitirira amutenga mwana azikakhala naye kwawo ku Msongwe, ine ndizikayamwitsa komweko.

Adokotala ananditumiza kwa mayi wina wothandiza anthu pa zamaganizo. Ndinapita monyinyirika, poti kwathu ku Dedza wodwala amapatsidwa mankhwala, osati mpando ndi mafunso. Mayiwo anati sindikunama, kugwako n'kwenikweni: mantha akachuluka thupi limazima lokha, ngati magetsi. Anandipatsa kope kuti ndizilemba chobwera m'mutu ndisanagwe. Masabata atatu ndinalemba zopanda pake. Sabata yachinayi ndinalemba mawu awiri: wasiya kupuma.

Mwana wanga woyamba anafera kumsana kwanga. Anali wakhanda, thupi litatentha, ndipo ndinayenda naye mpaka pageti la chipatala ndikumuimbira, osadziwa. Akuluakulu anati khanda sitilirira kwambiri. Ndinamvera, sindinalire.

Mayi aja anandiphunzitsa kuti makutu akayamba kulira ndizipuma pang'onopang'ono, ndifinye kachitsekerero ka botolo m'manja, nditchule zinthu zimene ndikuziona. Anatinso ganizo lija likabwera ndizilifunsa umboni. Ndiye tinayamba kubereka. Poyamba pilo, ine mayi wamkulumkulu kuzungulira m'nyumba ndi pilo kumsana, amuna anga akuyang'ana kumbali. Kenako mwana weniweni, nditakhala pamphasa, apongozi atagwirira. Chovuta koposa chinali kusiya kupisa dzanja kumbuyo kuti ndimve ngati akupuma. Ndinagwabe kawiri. Kachiwiriko apongozi analongedza zovala za mwana, kenako n'kuzibwezera okha.

Tsiku lopita naye kusikelo ndinamanga chitenje ndekha. Kunali kachisanu ka ku Mzuzu kuja, mvula yowaza. Apongozi ankabwera pambuyo panga manja ali tayale, ngati munthu wolondola nkhuku. Titayandikira geti la chipatala lija mwana anangoti zii. Makutu anayamba. Ndinaima, ndinafinya kachitsekerero, n'kuyamba kutchula: njinga, ambulera, nthochi, matope. Ndinkaopa kwambiri, koma dzanja sindinapise kumbuyo.

Apongozi anasendera, n'kusuzumira m'chitenje.

"Wagona waka, mwana wane," anatero m'Chitumbuka chawo. "Wangogona. Tiyeni."

Pamenepo ndinamva kampweya kake kofunda pakhosi panga. Sindinagwe. Ndinalira chiimire pamsewu pomwepo, akabaza akutilambalala, maliro a woyamba uja, wachiwiri ali kumsana. Apongozi sanandiletse.