Chipinda Chimene Margret Sanatsegule

Margret Chisoni anabadwira ku Khombedza, mwana wachitatu wa mlimi wa thonje. Sukulu analekezera Fomu 2, koma azakhali ake ataona kupepuka kwa zala zake anamutumiza kukaphunzira taipi. Kwa zaka khumi ndi zinayi anagwira ntchito pa ofesi ina ya zaulimi pa boma la Salima, akutaipa makalata a mabwana osafunsa kanthu. Mwamuna wake atamwalira, taipiyo ndiyo inkadyetsa ana ake atatu.

Mu 1990 ofesiyo inalandira kompyuta. Anaipatsa chipinda chakechake n'kumaifunditsa nsalu kuopa fumbi. Amene ankaidziwa bwino anali a Lenard Kamwendo okha, kalaliki wofatsa, wa magalasi omanga ndi ulusi. Iwowo ndiwo anaphunzitsa Margret.

"Musaope, achemwali, siluma," ankatero. "Makinawa ali ngati nyumba. Muli zipinda, m'zipindamo muli mafayilo."

Tsiku lina anamuonetsa kuti chilipo chipinda china chosaoneka pa mndandanda. Anataipa timawu tingapo, dzina lake n'kutulukira. Koma kuti munthu alowemo, makinawo ankafuna mawu achinsinsi.

"Muli chiyani m'menemo?" Margret anafunsa.

"Zoyendetsera makina. Ndi tinthu tanga pang'ono."

Margret sanafunsenso. Masiku amenewo wodziwa zochepa ndiye ankagona tulo.

Mu June 1992 timapepala tonena za zipani zambiri tinayamba kupezeka pamsika ndi pasiteshoni ya sitima. Lachinayi lina m'mawa apolisi anafika n'kutenga a Lenard ali pa desiki, ati ndiwo ankataipa timapepalato. Potuluka apolisiwo anauza bwana wa ofesi kuti mawa lake abwera ndi katswiri wochokera ku Lilongwe kudzatenga makinawo.

Nkhomaliro itakwana, Margret anapeza mkazi wa a Lenard, mayi Eveles, akumudikirira kuseri kwa ofesi, mwana ali kumbuyo.

"Bambo a Luka anandiuza kuti akadzatengedwa ndidzathamangire kwa inu," ananong'ona. "Akuti mufafanize za m'chipinda chija."

"Nanga mawu otsegulira anakuuzani?"

"Mawu ati?"

Awiriwo anangoyang'anana. Mwana uja anayamba kulira, mayi Eveles n'kumamugwedeza, maso ali pa Margret.

Anthu onse atapita kukadya, Margret analowa n'kukankha chitseko. Anataipa timawu tija, dzina la chipindacho n'kuoneka. Mtima unakhalako pansi. Kenaka makina anafunsa mawu achinsinsi.

Anayesa LUKA. Makinawo analira kuti pi! n'kulemba m'Chingerezi kuti saloledwa. Anayesa EVELES. Anayesa dzina la mudzi wa a Lenard, mfunda wawo, chaka chimene anakwatira, ngakhale nambala ya nyimbo imene ankakonda kung'ung'udza. Pi! Pi! Kaphokosoko kanali kakang'ono, koma kwa iye kankamveka ngati belu la tchalitchi, ndipo mlonda anali khale pakhonde pomwepo. Thukuta linkadontha pa mabatani. Zala zimene sizinkaphonya chilembo tsopano zinkagunda awiriawiri.

Njira yofafanizira zonse za m'makinamo ankaidziwa. Koma m'menemo munalinso mayina a alimi zikwi zinayi oyembekezera mbewu, ndipo pa ofesi yonse wotsala wodziwa kompyuta anali iye yekha. Apolisi akanaloza ndani? Ananyamula kapu yake ya tiyi n'kuiyimika pamwamba pa timabowo topumira makinawo kuti athiremo tiyiyo. Anaganiza za ana ake akuweruka kusukulu n'kupeza nyumba yokhoma. Anaichotsapo msanga, tiyi n'kutayikira pa siketi yake. Anabweza kapuyo patebulo.

Anayesanso mawu ena asanu ndi awiri. Kenaka chitseko chinatseguka.

"Simunapite kukadya, mayi Chisoni?" anafunsa bwana.

"Ndimamalizitsa lipoti, bwana."

Madzulo poweruka anapeza mayi Eveles akudikirira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msewu. Margret anangopukusa mutu. Mayiwo anamangitsa mwana wawo n'kutembenuka, kumapita.

Mawa lake apolisi ananyamula kompyuta ija, ndipo Margret ndiye anauzidwa kusaina kuti yatuluka ili bwinobwino.

A Lenard anatulutsidwa patatha miyezi isanu ndi iwiri, khutu limodzi litagontha. Ku ofesi sanabwererenso. Anapita kwa alamu awo ku Chinguluwe kukalima mpunga. Margret anazengereza chaka chathunthu asanapite kukawaona. Anawapeza akupirikitsa mbalame m'munda, ataonda, akutembenuza mutu kuti amve ndi khutu lotsalalo.

"Ndinayesa, achimwene," anatero Margret. "Chinandikana."

"Ndikudziwa. Ndinaiwala kusiya mawu aja, cholakwa n'changa." Anaponya chibuma kumene kunatera mbalame. "Katswiri wawo ujanso chinamukana. Ndiye anabwera kudzatsegula ineyo." Anagwira khutu logonthalo.

Margret anafuna kufunsa kuti mawuwo anali otani, koma m'malo mwake anatola chibuma nayenso n'kuponya. Anakhala limodzi pamzere mpaka dzuwa litapendeka, akukamba za mvula ndi za ana.

Potsanzikana mayi Eveles anamumangira mpunga pa chitenje. Margret anakana kawiri konse, koma iwo anamusenzetsa basi. Margret anayenda nawo mpungawo mpaka kumsewu, ndipo basi yoyamba itafika anaisiya ipite, poti nkhope yake inali isanaume.